Mgolo wa Nyumba Zinayi

Matero, Januwale 1979

Lolemba pa 8 Januwale 1979 ndinali pakhonde la holo ya amayi ku Matero mu Lusaka, ndikusankha nyemba m'lichero. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinavala siketi ya sukulu chifukwa ndiyo inali yabwinoko, ngakhale sukuluyo ndinali nditailekeza atate atachotsedwa ntchito ku fakitale. Tsikulo ndimalidziwa chifukwa kuyambira ndili mwana wa sukulu ndinkalemba madzulo alionse zimene ndachita. Kulemba kunkandipepukira kuposa kulankhula. Inu ana anga mumandiona lero ndikukalipira adzukulu, simungakhulupirire kuti kale munthu akandifunsa dzina ndinkangoyang'ana zala zakumapazi.

Nyembazo anandipatsa ndi Amayi Sakala, amene ankayendetsa holoyo. Anali mayi wamkulu thupi, wa nsapato zansalu zoyera zimene ankachapa tsiku lililonse, ndipo fodya wa m'mphuno sankasowa m'thumba lawo. Sanandifunse za sukulu. Anangoika lichero pamiyendo panga nalowa m'kati. Atabwerera anapeza ndapatula timiyala mbali ina, nyemba zoboola mbali inanso. Anaziyang'ana, nandiyang'ana ine.

"Iwe, dzina lako ndiwe ndani?"

"Esinati," ndinatero, koma ndikhulupirira sanamve.

"Ulibe kamwa? Kamba timveko!"

"Esinati Daka, amayi."

"Chabwino. Bakamwa nili nabo bambili kale. Nifuna wamanja. Uyambe lelo."

Ntchito ya holoyo inali pawiri. M'mawa tinkaphikira phala ana opelewera thupi amene a kukiliniki ankatitumizira. Masana tinkaphunzitsa amayi a m'komboni kusunga chakudya. Tinkafutsa chibwabwa ndi masamba a nyemba m'madzi amchere, n'kuyanika pamalata. Kumudzi mfutso amaukulunga m'masamba a msuku, koma ku Matero msuku ukaupeza kuti? Ife tinkakulunga m'mapepala a matumba a simenti, titachotsa pepala la m'kati, n'kumanga ndi ulusi wa saka. Tinkayanikanso mbatata zodula, mango ndi therere. Poyamba ankabwera amayi ochepa, ndipo enawo ankatiseka podutsa. "Ba Sakala, tili mu tauni ise, ivo ni va kumunzi!" Amayi Sakala ankangofwenkha fodya wawo osayankha. Sipanapite zaka zambiri, saladi, ndiwo mafuta ophikira, anayamba kusowa m'masitolo, kenaka sopo, mchere, shuga. Munthu unkaima pamzere osadziwa kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani, bola uimepo. Amayi oseka aja anabwera okha, aliyense ndi mtolo wake wa chibwabwa, ndipo palibe anawakumbutsa mawu awo.

Amayi Sakala anali aukali. Ukasiya mfutso panja mame n'kuugwera, ankakutchula mayina a nyama zonse. Koma nkhomaliro ankagawa pakati mbatata yawo n'kundiponyera, kunena kuti munthu woonda ngati ine akunyozetsa holo ya zakudya.

Kanyama, 1982

Mu 1982 anatitumiza awirife kukatsegula holo ina ku Kanyama. Ku Matero mvula imagwa n'kupita. Ku Kanyama pansi pake ndi mwala, ndipo mvula ikalimbika madzi samangolowera pakhomo, amatumphuka m'nyumba momwemo, pansi pa bedi. Dzinja loyamba ndinaona amayi akupita kumsika nsapato zili m'manja, madzi m'mawondo. Thumba la ufa losiyidwa pansi linkasanduka dongo lonunkha. Mwezi wa Febuluwale unali woipa koposa: malole sankalowa m'komboni, maganyu kunalibe, ndipo ana obwera kudzadya phala ankachuluka mpaka ena kukhala pawindo.

Mvula itatha Amayi Sakala anaitanitsa msonkhano wa amayi. Anaima kutsogolo nati, "Adani ba chakudya mu nyumba ni babili, manzi na fumbwe." Ankanena madzi ndi nankafumbwe.

Panali mayi wina Mbemba, wogulitsa makala, amene tonse tinkamuitana Bana Mwape potengera dzina la mwana wake woyamba. Mawu ake ankamveka kuchokera pampopi. Anaimika dzanja.

"Ba Sakala, mwaibalako babili. Balendo, na bamuna bathu. Mulendo wa kumunzi akaona saka pa kona sayenda iyayi. Ati nizayenda mailo, nizayenda mailo, mpaka saka yagona pansi. Bashi Mwape beve bamatapa na mbale, ulendo ku kachasu!"

Holo yonse inafa nako kuseka, koma aliyense anadziwa kuti wanena zoona. M'nyumba ya chipinda chimodzi simubisika kanthu, ndipo mlendo sungamumane akuona thumba ndi maso ake. Tsiku limenelo tinapangana kuti chimanga cha Febuluwale chisamakhale m'nyumba. Tizigula mu Juni kwa alimi a kunjira ya ku Mumbwa, chikadali chambiri, n'kuchisunga kuholo m'migolo yachitsulo, mgolo umodzi nyumba zinayi. Abambo ena anatimangira nsanja ya njerwa za simenti yofika m'chiuno, kuti madzi asafikepo.

Migoloyo anatikonzera Che Saidi. Anali Myao wa ku Mangochi amene anabwera ku Lusaka ali mnyamata, mmisiri wa malata wokhoma mbaula ndi ndowa pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Anali wamfupi, wa kachipewa koyera, wolankhula mosathamanga, ndipo Chinyanja cha m'tauni sichinamulowe mpaka imfa yake. Ine ankandiitana kuti amwali. Migolo yakale ya saladi ankaitsuka ndi mchenga ndi phulusa, n'kuisiya padzuwa, n'kuikhomera zivindikiro zothina. Chimanga asanachilole kulowa mumgolo ankatapako pang'ono, n'kuthira m'botolo louma pamodzi ndi mchere, n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ankapukusa mutu. "Ichi chikadali ndi madzi. Kayanikeninso." Amayi ankadandaula, iye osasintha.

Tsiku lotseka linali ngati la chikondwerero. Mgolo ukadzaza, Che Saidi ankaimika kachidutswa ka kandulo m'kachitini pamwamba pa chimanga, n'kuyatsa, n'kuvindikira msanga. Kenaka ankakulunga m'mphepete ndi malegeni, zingwe zija zodula kuchubu cha galimoto, n'kumata phula lotentha. Akatero ankaika chikhatho pachivindikiro, ife tonse tili chete. Malo a pamwamba pa kandulo ankayamba atentha, kenaka n'kuzizira. "Wazima," ankatero. "Mpweya watha m'katimo. Nankafumbwe aliyense amene analowa nawo wafa nawo limodzi." Makandulo nawo ankasowa masiku amenewo, choncho amayi ankabweretsa timatsalira tawo ta kunyumba, tina tating'ono ngati chala cha mwana.

Lamulo lalikulu silinachokere kwa Amayi Sakala. Linachokera kwa mkazi wa Che Saidi, Abiti Amidu, mayi wofatsa amene ankagulitsa vitumbuwa pamsewu. Sankakonda kulankhula pagulu, n'chifukwa chake ine ndinkakhala pafupi naye. Tsiku lotseka mgolo woyamba anaimirira.

"Kiyi wa chipinda chino asakhale ndi mwini chimanga aliyense," anatero. "Njala ikamugwira munthu mu Disembala amaiwala kuti kutsogolo kuli Febuluwale. Ngakhale ndibwere ine ndemwe ndikugubuduka pansi, musanditsegulire."

"Olo nibwele na kapokola!" anafuula Bana Mwape, kunena wapolisi. Onse anaombera m'manja, ndipo linakhala lamulo.

Zaka zimenezo ndimazikumbuka ndi mtima wofewa, ngakhale zinali za usiwa. Ndimakumbuka tili pamwamba pa lole yobwerera kwa alimi, fumbi lili m'tsitsi, amayi akuimba nyimbo za kwawo, Chibemba, Chinsenga, Chiyao, zonse pamodzi. Koposa ndimakumbuka m'mawa wa Febuluwale, mvula ikugunda malata, amayi ataima m'madzi ndi masaka awo. Che Saidi akadula phula ndi mpeni, chivindikiro chinkachita ngati chapuma, ndipo fungo la Juni linkadzaza chipinda chonse. Chimanga chinali choyera, cholira m'manja. Nthungululu zinkamveka mpaka kuchigayo.

Kanyama, 1985

Miyendo ya Amayi Sakala inayamba kutupa, ndipo mu 1985 anapuma ntchito kubwerera kwawo ku Katete. Tsiku lotsazika anavula chingwe cha kiyi m'khosi mwawo nandiveka pamaso pa amayi onse. Bana Mwape sanabise maganizo ake.

"Aka ka Esinati? Kazatikana bwanji, kamene kayopa na nkhuku?"

"Ndiye chifukwa chake," anayankha Amayi Sakala. "Imwe mumapambana munthu na kamwa. Uyu muzakangana naye bwanji?"

Akuofesi anati adzatumiza mkulu wina, ine ndingogwirizira kaye. Mkuluyo anabwera kamodzi panjinga yamoto, nayang'ana migolo, nati mafuta a njinga akapezeka adzabweranso. Sindinamuonenso. Kugwirizira kaye kuja kunatenga zaka zonse zimene ndinakhala ku Kanyama, mpaka pamene anandisamutsira ku Chawama.

Kanyama, Disembala 1986

Chaka chimenecho njala inafulumira. Mtengo wa ufa unakwera, m'masitolo munali mashelefu okha, ndipo tinkamva kuti ku Migodi anthu akwiya. Amayi anayamba kudutsa kuholo popanda chifukwa. Ankabwera ngati odzacheza, n'kukhala pakhonde, maso ali pachitseko cha migolo. Palibe ananena kanthu, chifukwa aliyense ankaopa kukhala woyamba.

Pakati pa mwezi Che Saidi anamwalira. Chifuwa chimene ankatsokomola kwa nthawi yaitali chinamugwetsa mwadzidzidzi. Anamwalira m'mawa, masana n'kuikidwa, monga achitira Asilamu. Ndinalira kwambiri. Koma ndili m'njira yochokera kumaliro ndinazindikiranso chinthu china: m'Kanyama monse munalibe wina wodziwa kutseka mgolo. Tonse tinkangoonerera, osaganiza kuti manja aja adzachoka.

Patangopita masiku ochepa, mwana wamkazi wa Abiti, Mariamu, anabwera kuholo kudzanena kuti akundifuna kunyumba. Ndinadziwa chimene akundifunira. Ndikutseka chitseko, Bana Mwape anatulukira. Nyumba yake inali imodzi mwa zinayi za mgolo umene munali chimanga cha Abiti. Tsikulo sanafuule.

"Esinati, namvela ati bafuna chimanga cha sadaka. Ine sinikuletsa. Ba Saidi benze munthu wabwino. Koma ukasegula, na ine mailo nibwela na saka yanga. Siniza nama. Bana banga badya mango yophika, lelo ni siku yachitatu. Na benangu bonse bazabwela."

Anali kunena zoona. Mgolo ukatsegulidwa m'chinyezi cha Disembala popanda woutsekanso, chotsalacho chiyenera kugawidwa ndi kudyedwa. Ndipo ukatsegulidwa umodzi, ndinalibe mawu okanizira ena onsewo. Pofika Khirisimasi nsanja ikanakhala ya migolo yopanda kanthu, Febuluwale asanayambe n'komwe.

Kunyumba ya maliro ndinapeza amuna atakhala pamphasa panja. Anandilowetsa kuchipinda cha m'kati, kumene Abiti anakhala pansi atafunda nsalu kumutu, pakuti mwa chipembedzo chawo mkazi wamasiye satuluka m'nyumba kwa miyezi ingapo. Ana ake aang'ono atatu anamuunjirira. Ndinagwada ndi kupepesa. Pakhomo la chipindacho panaima mkulu wake wa malemu, Che Yusufu, telala wa ku komboni ya George, munthu wamtali wa ndevu zaimvi. Ndiye analankhula.

"Amwali, zikomo mwabwera. Mawa ndi sadaka ya malemu. Kubwera abale a ku George, a ku Chawama, a ku Kafue, ndi ashehe omwe. Tayenda m'masitolo monse, mpunga kulibe, ufa kulibe. Oyandikana nawo asonkha zimene akanatha, sizikudzaza ndi beseni lomwe. Tsono tamva kuti chimanga cha nyumba ino chili kwa inu. Sitikupempha cha munthu ayi. Tikupempha chathu."

Ndinayang'ana pansi. Ndinati, "Mumgolomo muli cha nyumba zinayi, bambo."

"Enawo chawo musiye momwemo."

"Palibe wotsekanso."

Mawu a Che Yusufu anakwera. "Palibe wotsekanso chifukwa wotsekayo ndi amene tamuika m'manda! Migolo yonseyo anakhoma ndani? Munthu adyetse komboni yonse ndi manja ake, pa sadaka yake anthu amwe madzi? Mlamu, lankhulani nokha. Mwina inu akumverani."

Abiti sanatembenuke. Nkhope yake inaloza kukhoma. Analankhula motsitsa, akulira.

"Esinati mwanangu, tsegula. Ndakupempha."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinamvepo mawu olemera ngati amenewo. Mayi ameneyu ankandisungira vitumbuwa viwiri m'pepala tsiku lililonse, osalandira kanthu. Kiyi anali pachifuwa panga, m'kati mwa diresi, ndipo ndinkamumva kuzizira kwake. Ndinayang'ana ana atatu aja. Wamng'ono kwambiri anali atagona pamwendo pa amake, tsitsi lake litayamba kale kufiirira ngati la ana athu a phala. Bambo wawo anali atapita, amayi awo sakanatuluka kukagulitsa vitumbuwa mpaka mvula itatha. Alendo a sadaka akanadya tsiku limodzi n'kukwera mabasi.

"Sinditsegula, amayi," ndinatero.

"Mwati chiyani?" anafunsa Che Yusufu. Sikuti ankandiopseza, mawu angawo sanamveke.

"Sinditsegula mpaka Febuluwale."

"Mlamu, mwamva? Pemphaninso."

Abiti anapemphanso, kawiri, mawu omwewo, nkhope ili kukhoma. Ine ndinayankha chimodzimodzi. Misozi inkagwera pamanja anga koma sindinaipukute.

Che Yusufu anaseka kuseka kowawa. "Mtsikana wosakwatiwa, wosaikapo mwamuna, akudziwa chiyani za manyazi? Inu mupita kwanu mukagone. Mawa anthu akakhala pamphasapa n'kulandira tiyi wopanda kanthu, sadzatchula dzina lanu. Adzati mkazi wa Saidi ndi woumira, ali ndi chimanga koma wamana mwamuna wake ali m'manda. Mawu amenewo adzafika mpaka ku Mangochi. Adzakhala nawo moyo wake wonse. Inu mudzakhala kuti?"

Ndinatsazika, Abiti osandiyankha. Panja amuna aja anasiya kulankhula pamene ndinkadutsa.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinali mumtima mwa mayi uja. Mwina ankafunadi kuti nditsegule, ndipo anandida. Mwina anapempha chifukwa alamu ake anaima pakhomo, akupemphera chamumtima kuti ndikane. Sindinamufunse, iyenso sananene. Mu Febuluwale tinatsegula migolo yonse mvula ili pakati, ndipo amene anabwera ndi saka ya nyumba yawo anali Mariamu. Ana atatu aja anakula onse. Koma Abiti atatuluka m'nyumba n'kuyambanso malonda ake, ankandipatsa moni wa munthu wamba, ndipo vitumbuwa vya m'pepala sindinavionenso.

Madzulo a tsiku lija zonsezi sindinkazidziwa. Ndinabwerera kuholo dzuwa lisanalowe, ndikuponda m'matope, n'kukhala pakhonde. Za mgolo mtima unali utakhazikika, sindikanasintha. Chimene chinkandidya chinali funso la Che Yusufu. Ndinakana ndine, koma wonyozedwa adzakhala mayi amene sangathe ngakhale kutuluka pakhomo kuti adziyankhire. Ndinaganiza za anthu onse aja, amuna a zipewa zoyera, amayi achilendo a ku George ndi ku Kafue, onse akundiyang'ana. Ndinakhala pamenepo mpaka ana a moyandikana anayamba kuitanidwa kukasamba.

Ndisanapite kunyumba ndinalemba zimene ndinatsimikiza. Mawa ndidzapita ku sadaka m'mawa, alendo asanafike. Kiyi ndidzamutulutsa kunja kwa diresi kuti aliyense amuone. Ndidzakhala pamene amayi akugawa tiyi, ndipo ndidzapereka makapu ndi manja anga. Aliyense wolandira kapu ndidzamuuza mokweza, kuti asachite kufunsanso: Abiti anapempha chimanga katatu akulira, amene wakana ndine, Esinati Daka wa kuholo.